Mkono ukang'ambika mpaka kuoneka fupa: malangizo kwa mabanja a ku Madzimoyo

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti makina otonola chimanga amayenda mudzi ndi mudzi, zigayo zimalira tsiku lonse, ndipo ngolo ndi njinga zamoto zimadzaza msewu wa Great East kulowera kumisika ya ku Chipata. Ndi nthawi yomweyi pamene lamba wa chigayo amakoka malaya a mnyamata n'kumeza mkono womwe. Mabala enanso sasankha nyengo: chigongono chotulutsidwa pawindo la minibasi, galasi lomenyedwa ndi chibakera, mphiri yobisala mu udzu wofolera, wodwala khunyu wogwera pamoto. Malangizo ano akunena za bala la pakati pa chigongono ndi pamene timavalira wotchi, bala limene khungu lachoka ndipo zam'kati zili poyera. Mkono wotere umapulumuka, koma ntchitoyo siithera kwa dokotala. Theka lake lili m'manja mwa abale.

1. Dziwani zimene zili pansi pa khungu

Tembenuzani dzanja lanu, mukunge chibakera, muyang'ane pamene pamadutsa lamba wa wotchi. Muona tizingwe tikutukuka. M'kagawo kameneka mumadutsa zingwe 12 zokoka zala ndi dzanja, mitsempha ikuluikulu iwiri ya magazi, ndi mitsempha iwiri imene imachititsa kuti chikhatho chizimva kutentha ndi kubaya. Wachitatu umadzera kumbuyo. Pansi pake pali mafupa awiri, radius ndi ulna, amene amapingasana mukamatembenuza dzanja popotokola nsima. Zonsezi zaphimbidwa ndi khungu lopyapyala ngati chikopa cha mbuzi yaing'ono.

Chilankhulo chathu chimatipusitsa pang'ono apa, chifukwa zinthu zitatu zosiyana timazitchula ndi dzina limodzi lakuti mtsempha. Dokotala akati mtsempha waduka, mufunseni kuti uti: wa magazi, wokoka chala, kapena womvera? Wa magazi ndi nkhani ya maola. Wokoka chala ndi nkhani ya masabata. Womvera ndi nkhani ya miyezi yambiri. Pano ndiziti zingwe ndikamanena zokoka zala.

2. Ola loyamba

Zimitsani makina musanakoke munthu. Pindani chitenje choyera, muchiike pabala, mutsindike ndi mphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira, mkono uli m'mwamba kuposa chifuwa. Chitenje chikanyowa musachichotse, sanjikani china pamwamba. Vulani mphete, zibangili ndi wotchi msanga dzanja lisanatupe.

Kumanga mkono kumtunda kwa bala n'kwa nthawi imene magazi akuthovoka osaleka ngakhale mwatsindika, moti munthuyo angafe. Pamenepo mangani ndi nsalu yotambalala, osati waya, chingwe kapena mphira wa chubu cha njinga, ndipo lembani nthawi imene mwamanga kuti mukawauze akuchipatala. Pa njoka musamange konse, musatemere, musayamwe. Ululu wa mphiri ndi wa njoka yolavula umaoletsa mnofu, ndipo kumanga kumangousonkhanitsa malo amodzi. Wopsa ndi moto muthireni madzi ozizira kwa mphindi 20.

Ngati chala kapena dzanja laduka, likulungeni m'nsalu yoyera yonyowa, muliike m'pulasitiki, mumange, ndipo pulasitikiyo muiike m'madzi ozizira. Lisakhudze ayisi mwachindunji. Ngakhale lisabwezeretsedwe, khungu lake nthawi zina limathandiza kutseka bala. Wovulalayo musam'patse phala kapena fanta panjira, chifukwa munthu wokhuta amadikiritsidwa maola 6 asanam'goneke tulo ta opaleshoni.

3. Musathire kanthu pabala

Dothi, ndowe, phulusa, mankhwala otsukira mano, mafuta a mabuleki, ufa wa m'makapisozi, masamba otafuna: zonsezi ndaziona pamabala, ndipo woika amaika chifukwa cha chikondi. Koma dothi ndi ndowe ndimo mumakhala kachilombo ka kafumbata, ndipo chilichonse chimene mwathira dokotala adzayenera kuchipala pamodzi ndi mnofu umene ukanapulumuka. Madzi owiritsa ndi kuziziritsa akwanira kutsukira zinyalala zooneka. Phimbani, nyamukani.

4. Nyamukani tsiku lomwelo

Kuchokera ku Madzimoyo kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 20 okha. Yambirani kukiliniki kuti aletse magazi, abaye jekeseni wa kafumbata, ayambe mankhwala opha tizilombo ndi kulemba kalata yotumizira ku Chipata Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chathu. Ku Katete kuli St Francis, kumalire a Malawi kuli Mwami, ndipo mabala ovuta kwambiri amapita ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550. Tengani khadi la kuchipatala, chiphaso cha NRC, khadi la NHIMA ngati lilipo, ndi mankhwala onse amene wodwala amamwa masiku onse, kaya ndi a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu kapena ma ARV.

Kufulumira kuli ndi umboni wake. Mu 1986 munatuluka zotsatira za ntchito ya dokotala Marko Godina wa ku Ljubljana, amene anatsata odwala 532 ovulala manja ndi miyendo. Amene mabala awo anatsukidwa ndi kutsekedwa asanathe maola 72, chigamba cha khungu chotsekera bala chinalephera mwa munthu wosakwana mmodzi pa 100 alionse. Amene anatsekedwa pakati pa masiku atatu ndi miyezi itatu, chinalephera mwa anthu 12 pa 100. Chingwe ndi fupa zikakhala pamphepo zimauma ndi kufa. Komabe amene mwachedwa kale musati basi zatha. Bala la mwezi umodzi limatsekedwabe, kungoti ntchito imakula.

Pali bala lina losaoneka limene ndimaliopa kuposa lotseguka. Mkono ukapsinjika ndi tayala la ngolo, kapena ukalumidwa ndi njoka, khungu likhoza kukhala losang'ambika koma m'kati mukutupa. Chikomekome cha mkuyu. Mkono umalimba ngati mtengo, ululu sumva mapiritsi, ndipo wina akaongola zala wodwala amakuwa. Minofu ikutsamwa, ndipo m'maola ochepa imafa. Dokotala wa ku Germany, Richard von Volkmann, anafotokoza mu 1881 za dzanja limene limatsalira: louma, lopinda ngati zala za kabawi. Mankhwala a kutupaku ndi kuti dokotala ang'ambe khungu msanga kuti minofu ipume. Zikachitika usiku, fufuzani galimoto usiku womwewo. Chikhakha chothina chimachitanso zomwezi.

5. Bala likakula kufiyeta musakwiye

Abale ambiri amadabwa wodwala akatuluka kufiyeta bala lili lalikulu kuposa mmene linalowera, losasokedwanso. Si kulakwitsa. Dokotala amadula mnofu wonse wakufa kufikira atapeza wotuluka magazi ofiira, monga mmene timasemera mbatata yofumbwa. Pakapita masiku awiri amayang'ananso, ndipo akhoza kubwereza kawiri kapena katatu. Mafupa othyoka amawagwira ndi zitsulo, nthawi zina zoonekera kunja kwa khungu. Kutseka bala lauve ndiko kutsekera mafinya m'kati.

6. Zigamba ziwiri zosiyana

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo mlimi aliyense aimva msanga kuposa munthu wa m'tauni.

Njira yoyamba madokotala amaitcha graft. Amasenda kakhungu kopyapyala kwambiri pantchafu, n'kukayala pabala. Kakhunguka kalibe mitsempha yakeyake. Kali ngati mbande ya fodya yozulidwa ku nazale: ikawokeredwa pa dothi lonyowa imagwira, ikaikidwa pa thanthwe imauma. Dothi lake ndi mnofu wofiira wathanzi. Pamasiku oyamba kamayamwa madzi a pabala, kenako timitsempha timamera kulowa m'kati mwake, ndipo pofika tsiku lachisanu amatsegula kuti aone ngati kagwira. Pantchafupo pamapola pokha m'masabata awiri kapena atatu, ngakhale kuti odwala ambiri amati pamawawa kuposa pamkono.

Koma fupa losendeka, chingwe chopanda chikuto chake, mtsempha wa poyera ndi chitsulo, zonsezi ndi thanthwe. Kakhungu kopyapyala sikagwirapo, ndipo ngakhale katagwira kamamatirira pa zingwe, zala n'kuuma. Pamenepa pamafunika njira yachiwiri, flap, imene ine ndimaitcha chigamba chamoyo. Ndi khungu lochindikala, pamodzi ndi mafuta ake, nthawi zina ndi mnofu womwe, limene limabwera ndi mtsempha wake wa magazi. Silipempha chakudya kwa bala. Limabweretsa magazi pamalo pamene panalibe, ndipo magaziwo ndiwo amanyamula mankhwala kukafika pa fupa. Pansi pake zingwe zimatsetsereka bwino, ndipo dokotala akhoza kudzalitukula pambuyo pake kuti alumikize mtsempha womvera umene unaduka.

Musaganize kuti akukuyeserani zachilendo. Mu 1597 Gaspare Tagliacozzi wa ku Bologna anasindikiza buku losonyeza mmene ankapangira mphuno ndi khungu la pamkono, mkonowo utamangiriridwa kumutu kwa masabata. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene askari a kuno kwathu anamenyanso nawo, Harold Gillies anakonza nkhope za asilikali ambiri ku Sidcup ndi zigamba zotere kuyambira 1917.

7. Kumene chigamba chamoyo chimachokera

Bala likakhala laling'ono, amatenga khungu la pamkono womwewo n'kulizunguza ngati chitseko, mbali imodzi ili chilumikizire. Chigamba china chodziwika ndi chimene madokotala a ku Shenyang ku China anachiyamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, chimene chimatenga mtsempha wa magazi wa kumbali ya chala chachikulu. Popeza dzanja limatsala ndi mtsempha umodzi, dokotala amayamba watsindika mitsempha yonse iwiri, n'kutaya umodzi kuti aone ngati chikhatho chifiira. Mukamuona akuchita zimenezo, akuyesa ngati wotsalawo ungadyetse dzanja lonse. Pamkono wophwanyika kwambiri njirayi siitheka, chifukwa khungu loyandikana nalo lavulala.

Njira ina ndi kudula chigamba pantchafu kapena kumsana, kuchichotseratu, n'kukalumikiza mitsempha yake ku ya pamkono ndi ulusi wochepa kuposa tsitsi, poyang'ana pa maikulosikopu. Cha pantchafu chinafotokozedwa ndi Song ndi anzake mu 1984. Opaleshoni yake ndi imodzi koma imatenga maola ambiri, ndipo imafuna zida ndi anthu amene sapezeka paliponse. Kwa zaka zambiri Zambia yense anali ndi katswiri mmodzi yekha wa maopaleshoni okonza khungu, Goran Jovic wa ku Lusaka, amene ankafikira zipatala zakutali pa ndege ya FlySpec, ntchito imene anaiyamba dokotala wa mafupa John Jellis. Funsani anesi ngati kuli madokotala oyendera amene akuyembekezeka, ndi tsiku lake.

Njira yachitatu ndiyo imene ambiri a ife tingakumane nayo, ndipo ndi imene imaopsa abale. Dokotala amatukula khungu la m'munsi mwa mimba kapena la m'chiuno, pamzere pamene ntchafu imapindikira, osalidula mbali imodzi. Kenako amabweretsa mkono pamenepo n'kusokerera khungulo pabala. Munthu amadzuka mkono utasokedwa kuthupi lake, ndipo amakhala choncho pafupifupi masabata atatu. Cha m'chiunochi anachifotokoza McGregor ndi Jackson a ku Glasgow mu 1972, ataona kuti pali mtsempha umodzi wodalirika umene umayenda m'litali mwa khungulo. Taganizani za dzungu. Likamayanga limamera mizu pamfundo imene yakhudza dothi, koma limadyabe kwa make. Mizu ikakhwima mukhoza kudula kumbuyo, ilo n'kupitiriza kukula. Mukadula msanga limafota. Masabata atatuwo ndi odikira mizu.

Ena amaiyesa njira yachikale. Ine ndimailemekeza kwambiri, chifukwa siifuna maikulosikopu, siilanda mtsempha uliwonse wa mkono wovulala kale, imapereka khungu lalikulu, ndipo chipsera chake chimabisika m'kabudula.

8. Gwirizanani msanga

Kwathu kuno munthu sapita kufiyeta yekha. Amafunsa amuna ake, amalume, nthawi zina akulu a mpingo. Mwambowu ndi wabwino, koma bala silidikira kuti amalume abwere kuchokera ku Lundazi. Imbani foni, mumalize nkhani tsiku lomwelo. Munthu wamkulu wamaganizo ake ndiye amasaina, ndipo ali ndi ufulu wofunsa: khungu mulitenga pati, maopaleshoni akhala angati, ndigona masiku angati, zala ziti zidzayenda, nanga chikalephera mudzachita chiyani?

Funso limene ambiri amachita nalo manyazi ndiliyankhe pano. Chigamba cha m'chiuno ndi khungu ndi mafuta basi. Sichikhudza ziwalo zoberekera. Mwamuna amakhalabe mwamuna, mayi amatenga pakati ndi kubereka bwinobwino. Mtsikana kapena mayi woyembekezera anene, kuti dokotala asankhe bwino malo.

Zimachitikanso kuti dokotala anene kuti mkono sungapulumuke: magazi anasiya kuyenda kwa maola oposa 6, minofu yafa, kapena kuola kukukwera kuphewa. Mawuwa ndi owawa. Pemphani kuti dokotala wina aonenso ngati nthawi ilipo, koma musam'thawitse wodwala usiku. Mnofu wakufa umathira poizoni m'magazi, impso n'kuleka kugwira ntchito.

9. Masabata atatu a wodikirira

Ndinaona bambo wina wa zaka za m'ma 40 m'wodi, mkono wake wamanja utasokedwa m'chiuno. Anavala chitenje cha akazi awo chifukwa buluku silikanatheka. Pakati pa mkono ndi thupi panali kampukutu ka khungu konga soseji, ndipo mayiwo anakhala pampando pambali, maso ali pakampukutuko. Bamboyo akati atembenuke, mayiwo ankayamba agwira chigongono, n'kuika pilo, kenako n'kuti, "Tembenukani tsopano, abambo." Usiku ankagona pansi, dzanja lili pabedi, kuti amve amuna awo akagwedezeka. Mayi ameneyo ndiye anapulumutsa mkonowo pamodzi ndi dokotala.

Kampukutu kaja ndiko njira yokha ya magazi. Kakapindika, kakapotoka, kakapsinjika kapena kukokeka, chigamba chimafa ngati munda umene paipi yake yapondedwa. Choncho sankhani wodikirira wodekha, wogona tulo topepuka, amene angakhale masabata onse, osati kusinthana tsiku ndi tsiku. Uzani anesi amusonyeze kakhalidwe koyenera ka mkono, ndipo ngati ali ndi foni ajambule kuti azifanizira.

Maola oopsa kwambiri ndi pamene wodwala akutsitsimuka ku tulo ta opaleshoni, chifukwa amafuna kukoka mkono osadziwa. Mugwireni chigongono, muzimulankhula. Mwana wamng'ono ndi munthu wodwala khunyu amafuna maso owirikiza, ndipo mankhwala a khunyu asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Pakapita masiku angapo adzamulola kuyenda, atawerama pang'ono. Ayende, kugona kokhakokha kumabweretsa mavuto ena. M'khwapa ndi pansi pa mkono mumachita thukuta, makamaka mu Okutobala: pukutani ndi kansalu konyowa, muumitse, muikepo kansalu kouma. Kuchimbudzi apite ndi womuthandiza, ndipo ngati kuli kokhala pampando n'kwabwino kuposa konjuta. Zala zimene dokotala walola aziziyendetsa ola lililonse, ndipo phewa azilikweza ndi kulitsitsa pang'onopang'ono, chifukwa kwa munthu wachikulire phewa limauma msanga. Timadzi tochepa totuluka pa kampukutu si zachilendo. Fungo loipa, mafinya ndi kutentha thupi ndizo zofuna kunena.

Chimene chimavuta koposa ndi mtima. Pofika sabata yachiwiri munthu amatopa, amaganiza za fodya amene sanamangidwe ndi ng'ombe zopanda mbusa, ena amalira, ena amafuna kudzimasula. Amene mwatsala kumudzi, gawanani ntchito zake ndipo muzimuuza pafoni kuti zachitika.

10. Phunzirani kuchiwerenga chigamba

Masiku awiri kapena atatu oyamba ndi pamene chigamba chimafa kapena kupulumuka. Anesi amachiyang'ana pafupipafupi, koma nesi mmodzi ali ndi odwala ambiri, ndipo inu muli ndi mmodzi. Mabuku ambiri a udokotala amanena za khungu kufiira kapena kuyera, zimene pakhungu lathu lakuda sizioneka bwino. Dalirani zala zanu zosamba bwino. Ikani kumbuyo kwa chala pachigamba, kenako pakhungu la pafupi. Chamoyo chimakhala chofunda ndi chofewa ngati khungu linzake.

Chikazizira, n'kukhwinyata, n'kuoneka chotuwa, magazi sakulowa. Chikatupa, n'kulimba, n'kunyezimira, n'kuda kuposa mmene chinalili, m'mphepete mukutuluka magazi akuda, ndiye kuti magazi akulowa koma sakutuluka. Vuto lachiwirili ndilo limachitika kawirikawiri. Yambani mwaona ngati kampukutu kapindika, konzani mkono, ndipo itanani anesi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Nthawi zina kumasula ulusi umodzi kapena bandeji yothina kumakwanira. Mukadikira madokotala a m'mawa mudzapeza chafa. Dokotala akachibaya ndi kasingano musadandaule, akuona mtundu wa magazi, ndipo wodwala samva kanthu pamenepo.

Musaikepo botolo la madzi otentha kuti chifunde. Chilibe kumva, chimapsa mwini wake osadziwa. Fundani munthu yense ndi bulangete, makamaka mu Juni ndi Julayi.

11. Fodya ayi, ndiwo inde

Tili m'dera la fodya, ndipo ndikudziwa kuti mawuwa ndi olemera. Koma ndudu imodzi imafinya timitsempha ting'onoting'ono timene chigamba chikudalira. Wopichira, wa m'paketi, wa m'mphuno, wa pansi pa lilime, yense ndi chimodzimodzi. Mnzake womubweretsera ndudu mobisa pawindo la wodi akumudula mkono. Mowa nawo udikire.

Thupi likumanga mnofu watsopano, ndipo nsima ndi masamba okha sizikwanira. Bweretsani mazira, nyemba, soya, kapenta, mkaka, chiwawa chotendera, phala la nsinjiro. Mtedza, umene kuno timati nshawa, tili nawo wambiri, ndipo mbewa zophika bwino ndi ndiwo zomanga thupi ngati nyama ina iliyonse. Madzi akumwa akhale ambiri. Wa shuga aonetsetse kuti ikuyezedwa. Wokhala ndi HIV amene akumwa mankhwala mokhulupirika amapola bwino, choncho asabise kwa dokotala. Magazi akachepa chigamba chimavutika, ndipo abale athanzi angachite bwino kukapereka magazi kuti nkhokwe isaume.

12. Tsiku lodula si tsiku lochira

Masabata atatu akakwana, dokotala nthawi zina amayamba wafinya kampukutu kwa kanthawi kuti aone ngati chigamba chikudya kuchokera kumkono. Akakhutira amadula, n'kusoka mbali zonse ziwiri. Akati tidikire sabata ina, dikirani.

Mkono umamasuka uli wouma, phewa ndi chigongono zikuwawa. Apa ndipo ambiri amataya zonse zimene anavutikira, chifukwa bala latsekeka ndipo ulendo wa ku Chipata ukudya ndalama. Koma cholinga sichinali kutseka bala. Chinali chakuti dzanja lidzagwirenso khasu. Chingwe chosokedwa chimafuna chotchinjiriza kwa masabata pafupifupi 6, ndipo sichinyamula katundu wolemera asanathe masabata 12. Mukachikoka msanga chimaduka, mukachisiya osachiyendetsa chimamatirira. Ndi a fizo okha, ophunzitsa masewera olimbitsa ziwalo, amene angakusonyezeni malire ake, choncho musatuluke m'chipatala musanaonane nawo, ndipo wodikirira aphunzire nawo masewerawo kuti azikakumbutsa kunyumba. Pogona mkono ukhale pamtsamiro, pokhala usalendewere.

Mtsempha womvera ukalumikizidwa umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, kapena kuti masentimita atatu pamwezi. Tengani tepi ya telala, muyeze kuchokera pabala kufika kunsonga ya chala chamkombaphala. Ngati ndi masentimita 30, mukuyang'ana miyezi 10 kapena kuposa. Kunyerenyetsa konga magetsi kumene kukutsika pang'onopang'ono kulowera kuzala ndi chizindikiro chabwino. Kwa ana kumva kumabwerera bwino kuposa kwa akulu, ndipo kwa akulu sikubwerera kwathunthu ngati kale.

13. Kukhala nacho kumudzi

Chigamba chidzaoneka chotupa ngati chigamba cha pa tayala, mtundu wake wosiyana pang'ono. Chimaphwa m'miyezi ingapo, ndipo chikakhalabe chachikulu dokotala akhoza kuchichepetsa. Chimakumbuka kumene chinachokera: chikhoza kumera tsitsi, ndipo mwini wake akanenepa pamimba nacho chimanenepa. Palibe zamatsenga pamenepo. Mabala akapola pakani Vaseline ndi kusisita zipsera kawiri patsiku, pamkono ndi pamene anatenga khungu.

Dzanja ladzanzi liyang'anidwe madzulo alionse ngati lili ndi matuza, minga kapena mabala. Amayi asamale pophula mphika ndi posonkhezera moto, abambo pochiza fodya m'balani ndi pogwira chitsulo chokhala padzuwa. Madzi osamba ayesedwe ndi dzanja linalo. Kabowo kotuluka mafinya kosapola, makamaka pamene panali chitsulo, ndiye kuti fupa ladwala: bwererani kuchipatala ndi mapepala onse.

Wovulala pa ntchito ya ganyu kapena yolembedwa, kaya pachigayo, pafamu kapena pagalimoto, asunge kalata ya dokotala ndi malisiti, ndipo akafunse ku ofesi ya Workers' Compensation Fund Control Board ku Chipata. Pa ngozi ya pamsewu pamafunika lipoti la apolisi. Asalandire kandalama ka m'manja kotsekera nkhani asanadziwe kuti dzanja lidzachira mpaka pati.

Ndipo eni zigayo ndi makina otonola, lamba ameneyo mutchingireni. Lata limodzi ndi mabawuti anayi zikwana. Chimanga chikatsamwitsa makina, injini izime kaye, ndipo chotokosera chikhale ndodo. Mnyamata wothira chimanga avale malaya a manja afupi, ndipo mayi wodzagayitsa amange nsonga ya chitenje asanayandikire.